Digiri yanu ya kompyuta musaikwirire pansi pa sutikesi

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi kuno ku Manchester, ndinacheza ndi mnyamata wina wongofika kumene. Ali ndi digiri ya computer science, koma akusamalira okalamba usiku. Akuti zaka zinayi za kuyunivesite zinangopita m'madzi, ndiye akufuna kulipira kakosi ka miyezi itatu komwe anakaona pa TikTok. Ndinamuuza kuti, achimwene, ndalamazo zigwireni kaye.

Inenso ndinadutsa momwemo. Chaka changa choyamba ndinkanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu, chisanu chikulowa mpaka m'mafupa. Ma CV ndinkatumiza mlungu uliwonse, kuyankha kwake zii. Olemba ntchito ambiri kuno sadziwa Chanco, Mzuni kapena Poly ija pano ikutchedwa MUBAS, ndipo musawakwiyire. Lembani ku UK ENIC, yomwe kale inali NARIC, akupatseni kalata yofananitsa digiri yanu ndi za kuno. Kalatayo singakupatseni ntchito, koma imachepetsa mafunso.

Chomwe chinandilowetsa ntchito ndi ichi. Pa intaviyu ina, mayi wina anandipatsa cholembera n'kundiimika pa bolodi. Anati ali ndi mayina a makasitomala mamiliyoni angapo, ndipo kufufuza dzina limodzi kukutenga nthawi yaitali, vuto lingakhale chiyani? Manja ankanjenjemera. Kenaka ndinakumbukira kalasi ina ya masana, kukutentha, aphunzitsi akujambula ndi choko B-tree, njira yosanjira deta ngati mtengo wa nthambi, ife tikusinza. Ndinajambula mtengo womwewo, ndikufotokoza mmene index, kalozera wothandiza kompyuta kupeza dzina msanga, imagwirira ntchito komanso chifukwa chake imachedwetsa kulemba ngakhale imafulumizitsa kuwerenga. Mayi uja anangogwedeza mutu. Za komwe ndinaphunzira sanafunse n'komwe.

Masiku amenewo makompyuta anali ochepa, ndiye mapulogalamu ambiri tinkayamba kuwalemba papepala, n'kumawayendetsa m'mutu mzere ndi mzere. Tinkadandaula kuti ndi umphawi. Lero ndikawona anzanga ena akulephera kupeza cholakwika popanda kudina batani kakhumi, ndimathokoza pepala lija.

Zomwe zimatha msanga ndi zida. Ine ndinaphunzira zinenero zolembera mapulogalamu za Pascal ndi Visual Basic, palibe anandilembapo ntchito chifukwa cha izo. Anthu ena anadya bwino ndi Flash, pulogalamu yopangira makanema ndi masewero a pa intaneti, koma Adobe inaisiya kumapeto kwa 2020. Pomwe maganizo a kasungidwe ka deta amene Edgar Codd anafalitsa mu 1970 ali ku IBM ndi omwe akuyendetsabe SQL, chinenero chofufuzira deta, ndipo chinenero cha COBOL cha mu 1959 chikadali m'mabanki. Makosi afupiafupi aja amakuphunzitsani chida cha chaka chino. Sindikuwanyoza, koma munthu amene anakhoza data structures, networks ndi operating systems angathe kuphunzira yekha chida chatsopano m'milungu yochepa. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ndisakunamizeni, zinthu zavuta kuposa nthawi yathu. Chibwerereni ChatGPT mu November 2022, ntchito zoyambira zikulimbiranidwa kwambiri, chifukwa makina akulemba code yosavuta ija. Koma zomwe makinawo alemba zimafuna munthu woziwerenga n'kuona pamene zinama, ndipo diso limenelo ndi la digiri yanu. Nayo viza siyophweka: ya Skilled Worker imafuna kampani yovomerezeka kukuitanani, ndipo kuyambira July 2025 malipiro ofunika kwa anthu ambiri ndi mapaundi 41,700 pachaka. Mndandanda wa makampani ovomerezekawo uli pa gov.uk, kwaulere. Aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama akupezereni sponsor, kampani yokuitanani ija, thawani, ngakhale atakhala wa kumudzi kwanu.

Ndiye shifiti gwirani, lendi ya kuno siidziwa digiri. Koma pezani ola limodzi patsiku. Pangani kanthu kakang'ono kogwira ntchito, kaya kowerengetsera ndalama za chipereganyu cha gulu lanu, mukaike pa GitHub, tsamba la pa intaneti loikapo mapulogalamu, kuti wofuna kukulembani aone yekha. Mukasiya zaka zitatu osakhudza, dzimbiri lake limavuta kuchotsa, ndawonapo anthu anzeru kuposa ine atatsalira choncho.

Mnyamata uja ndamuuza abwere Loweruka ndi laputopu yake. Tidya kaye nsima, kenaka ndimuimika pa bolodi la ana anga.