Mahelemeti okhala ndi maindiketa: kodi akabaza agula?

Funso: Zikomo alangizi. Ndili ndi kashopu ka masipeyala a njinga zamoto ku Lunzu. Pa intaneti ndaona mahelemeti okhala ndi magetsi a indiketa kumbuyo, oti ukadina batani pa handulo amaphethira kulozera komwe ukukhotera. Kwathu kuno palibe amene akugulitsa. Ndasunga K3 miliyoni, ndipo ndikufuna ndiitanitse katundu ameneyu ku China ndizigulitsa kwa akabaza. Kodi muli phindu?

Yankho: Bambo, diso la malonda muli nalo, koma ndalama yonseyo musaiponye mmenemo. Mawu akuti "palibe amene akugulitsa" amakhala ndi matanthauzo awiri: mwina mwatulukira msika anzanu ali mtulo, mwinanso anzanuwo anawerengera kale n'kupeza kuti wogula palibe.

Choyamba, pendaninso chomwe mwaonacho. Zipewa zambiri za maindiketa zomwe zadzaza pa intaneti si za njinga yamoto ayi, ndi za njinga yakapalasa. Zomwe zinatchukitsa nzeru imeneyi ndi za kampani ya Lumos, yomwe inasonkhetsa ndalama zoyambira pa tsamba la pa intaneti la Kickstarter mu 2015, ndipo inkapangira opalasa njinga m'mizinda, poti njinga yakapalasa ilibe maindiketa. Chipewa chotero nthawi zambiri sichifika ndi theka la kilo lomwe, pamene helemeti yeniyeni yophimba nkhope yonse imalemera pafupifupi kilo imodzi ndi theka. Mukaona pa chipewa palembedwa muyezo wa chitetezo wa EN 1078 kapena CPSC, dziwani kuti ndi cha kapalasa. Cha njinga yamoto chimakhala ndi ECE 22.05 kapena 22.06, muyezo wa ku Ulaya, kapena DOT, wa ku America. Chizindikiro cha ECE chimasokeredwa pa lamba wa pachibwano, chilembo E chili m'kabwalo. Kasitika ka DOT kokha musamakakhulupirire kwambiri, chifukwa wopanga amadzimatira yekha, ndipo amambala amakamata ngakhale pa chigoba chopanda kanthu mkati. Kugulitsa chipewa cha kapalasa kwa munthu wothamanga pa msewu wa M1 ndi kumugulitsa imfa, ndipo tsiku la ngozi dzina lomwe lidzatchulidwe pa siteji ndi la shopu yanu.

Tiyerekeze tsono kuti mwapeza chenicheni, cha njinga yamoto. Tayimani pa siteji ya kabaza m'mawa umodzi muone mmene njinga zikunyamukira. Kumbuyo kwa woyendetsa kuli ndani? Kuli kasitomala, nthawi zina awiri, kapena thumba la makala lotalika kuposa mutu. Getsi lili pankhongo pa woyendetsa, ndiye woyendetsa galimoto ya kumbuyo aona chiyani? Aona msana wa mayi wopita kumsika. Apa ndi pamene malondawa akundikayikitsa kwambiri. Katunduyu anapangira munthu woyenda yekha, pamene wakabaza akayenda yekha ndiye kuti sakupanga ndalama.

Komanso njinga yamoto ili kale ndi maindiketa ake. Akafa, mankhwala ake ndi kababu, kawaya kapena swichi, zomwe inu mumagulitsa kale m'shopumo pa mtengo wochepa. Wapolisi wa pamsewu akaimitsa njinga yakufa maindiketa, sangaikhululukire chifukwa choti chipewa chikuphethira.

Ndiye pali thumba la wogulayo. Akabaza ambiri njinga si yawo, madzulo aliwonse amayenera kupereka ya abwana, kuthira mafuta, n'kutsala ndi ya ndiwo. Ambiri, tinene chilungamo, amagula helemeti kuti adutse pa apolisi, ndipo amasankha yotchipa kuposa zonse. Lamulo likuti wokwera naye avale, choncho amafunika ziwiri. Munthu wotere mukamuonetsa chipewa chodula katatu, chofunanso kutchaja pa USB m'dera lomwe magetsi amazimazima, adzachiyamikira, adzachivala n'kujambulitsa, kenako adzakubwezerani. Batire ikatopa pakatha chaka kapena ziwiri, kapena karimoti ka pa handulo kakalowa madzi a mvula ya Januwale, chomwe chatsala ndi helemeti wamba yogulidwa mokwera mtengo. Ndipo helemeti ikangomenyetseka kamodzi pa ngozi imayenera kutayidwa, magetsi ake omwe.

Mtengo womwe mwauona pa intaneti musauyese ndiwo mtengo wa katunduyo. Onjezerani ya mayendedwe, msonkho wa kasitomu ndi VAT ku MRA, ya ejenti wotulutsa katundu, ndi ya galimoto kuchokera pa doko la Dar es Salaam kapena Beira. Helemeti imadya malo, choncho otumiza katundu amakulipiritsani potengera kukula kwa katoni osati kulemera kwake kokha. Popeza muli batire ya lithium, a ndege amaika malamulo apadera ndipo ena amakana kumene. Musanalipire kalikonse, funsani ejenti mulingo wa msonkho wa katunduyu, mufunsenso ku Malawi Bureau of Standards zomwe amafuna pa chipewa cholowa m'dziko. Madola nawo mukuwadziwa mmene amavutira. Amene anaitanitsa katundu pa ngongole mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akadasimbabe.

Ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Ndikanaitanitsa zisanu zokha, kapena khumi, n'kupita nazo kwa amene amagula ndi ndalama ya ofesi: makampani operekera zakudya ndi maphukusi ku Blantyre ndi Lilongwe, mabungwe omwe alangizi awo amayenda pa njinga m'midzi, ndi anthu apantchito omwe amayenda okha pobwerera kunyumba kutada. Amenewa kumbuyo kwawo kumaoneka, ngakhale kuti amene amanyamula bokosi lalitali muyenera kuyesa kaye ngati silikuphimba getsi. Akafuna zambiri, apereke theka la ndalama musanaode. Yesaninso timagetsi tomata pa helemeti iliyonse, tomwe timagulitsidwa patokha: mpamba wake ndi wochepa, ndipo kakafa munthu amataya kagetsi kokha. Chokhacho musalole aliyense kuboola chipewa kuti amangirire, chifukwa bowo limafooketsa chigoba.

Gawo lalikulu la K3 miliyoniyo liikeni pa zomwe zimatuluka tsiku ndi tsiku: mahelemeti a muyezo a mtengo wapakati, magalasi ake osinthira poti amakalika msanga ndi fumbi, majekete onyezimira, masitika onyezimira ndi mababu a indiketa. Mukafuna kuti akabaza agule helemeti yabwinoko, kambiranani ndi tcheyamani wa siteji kuti azilipira pang'onopang'ono sabata iliyonse, chipewa n'kutenga akamaliza, kapena siteji yonse ikhale chikole cha membala wake. Zisanu zija zikatha mwezi usanathe ndipo ogula akabwera ndi anzawo, mudzandilemberenso tiwerengere limodzi za katoni yachiwiri.