Hellhammer sinafe ndi njala, eni ake anaithetsa okha

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani okonda nyimbo za metal (mtundu wa rock wolemera kwambiri) amaitama kwambiri bandi ya Hellhammer pamene inangokhala zaka ziwiri, komanso mwati mutaimvera mwangomva phokoso la anyamata osadziwa kugwira zida. Zoti sankadziwa zida n'zoona ndithu, ngakhale eni ake sakana. Koma kutha msanga kwa bandi imeneyi sikunali kugwa monga momwe mabandi ambiri amagwera, ndipo mpamene pagona nkhani.

Hellhammer inayamba mu 1982 ku Nürensdorf, kamudzi ka kufupi ndi Zürich ku Switzerland. Mwini maganizo anali Thomas Gabriel Fischer, amene ankadzitcha Tom Warrior, mnyamata wobadwa mu 1963 yemwe anakulira m'mavuto aakulu pakhomo. Iye ndi mnzake Urs Sprenger ankapenga ndi nyimbo za Venom, Motörhead, Black Sabbath ndi gulu la punk la Discharge. Fischer amanena yekha kuti ankatenga rekodi ya Venom yoyenera kuzungulira pa liwiro la 45 n'kuiika pa 33, kuti mawu atsike ndi kulemera. Apa mwamva kale chimene ankafuna. Sankasaka luso la zala ayi, ankasaka kulemera, kuti gitala imveke ngati chinthu chikukwekwerezedwa pansi. Ankayeserera m'chipinda cha simenti cha pansi pa nthaka ku Birchwil, ndipo m'menemo ndi mmene anajambulira makaseti awo oyamba mu June 1983, Death Fiend ndi Triumph of Death.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho kunabwera Martin Eric Ain, mwana wa zaka 16 zokha, amene anadzakhala woimba bezi komanso mnzake weniweni wa Fischer pa maganizo. Mu December 1983 anajambula kaseti yachitatu, Satanic Rites, ndipo kampani ya Noise Records ya ku Berlin inawatenga. Mu March 1984 anatulutsa chimbale chachifupi cha nyimbo zinayi, Apocalyptic Raids, kenako nyimbo zawo ziwiri zinalowa pa chimbale chophatikiza magulu angapo pamodzi ndi Helloween ndi Running Wild. Ntchito yawo yonse ndi imeneyo basi. Pa nsanja sanakwerepo ngakhale kamodzi.

Magazini a ku Britain, makamaka Kerrang! ndi Metal Forces, anawanyoza koopsa. Masiku ano munthu atha kunena kuti ndemanga ya m'magazini ili ndi ntchito yanji, koma nthawi imeneyo kunalibe intaneti. Wolemba mmodzi akalemba kuti bandi yanu ndi yachabechabe, okonza zoimbaimba ndi ogulitsa marekodi m'maiko ambiri ankangomva zomwezo, nkhani yatha. Dzina la Hellhammer linasanduka chinthu chosekedwa. Fischer ndi Ain anaona kuti ngakhale ataphunzira zida bwanji, ngakhale atapeka nyimbo zozama bwanji, anthu akangoona dzinalo pachikuto sadzamveranso. Choncho pa 31 May 1984 anathetsa bandiyo, ndipo m'mwezi wotsatira bandi yawo yatsopano ya Celtic Frost inabadwa. Analemba pulani yonse ya gulu latsopanolo, mpaka mayina a zimbale zimene zinali zisanapekedwe, n'kuitumiza ku Noise kupempha kuti mgwirizano usamukire ku dzina latsopano. Kampani inavomera. Chaka chisanathe rekodi yawo yoyamba ya Morbid Tales inatuluka, ndipo mu 1985 kunabwera To Mega Therion yokhala ndi chithunzi cha wojambula wa ku Switzerland H. R. Giger pachikuto. Ine zimenezi ndimazilemekeza kwambiri. Anyamata a zaka zimenezo, opanda ndalama, kusiya dzina limene linawapezera mgwirizano woyamba, si chinthu chapafupi.

Tsono chodabwitsa n'chakuti pamene eni ake ankayesetsa kulithawa dzinalo, makaseti aja ankayenda okha. Okonda metal ankatumizirana makaseti pa positi, wina ku Norway, wina ku Brazil, wina ku America, aliyense kukopera mnzake. Amene munakulira m'nthawi ya makaseti mukudziwa kuti kaseti ikakoperedwa kangapo mawu amafifia, nkumveka mluzu pansi pake. Kwa magulu aluso zimenezi zinkaononga nyimbo. Kwa Hellhammer zinkangowonjezera mdima umene ana ena ankaufuna. Anyamata amene anadzayambitsa black metal ya ku Norway anaphunzira zambiri pamenepa. Woimba ng'oma wa Mayhem, bandi ya black metal ya ku Norway, Jan Axel Blomberg, anatenga dzina loti Hellhammer kukhala lake la pa nsanja, ndipo dzina la Euronymous, woimba gitala wa gulu lomwelo, linachokera ku mutu wa nyimbo ya Hellhammer. Mabandi otchuka a Sepultura ndi Napalm Death onse anadzaimbanso nyimbo ya Hellhammer ya "Messiah". Magulu ngati amenewa sabwereza nyimbo ya munthu chifukwa chomumvera chisoni.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu owerenga mayina a makasetiwa awadetsa nkhawa, ndipo sindikukakamiza munthu kumvera zimene mtima wake ukukana. Mawu ndi zithunzi zawo n'za imfa, helo ndi usatana, palibe chobisa. Chimene ine ndimamva m'nyimbozo ndi mkwiyo wa ana okanidwa m'dera la anthu olemera ndi odekha, ana amene anatola zizindikiro zoopsa kwambiri zimene akanapeza kuti anthu awaone. Aliyense aweruze yekha.

Kwa zaka zambiri Fischer sankafuna n'komwe kukamba za Hellhammer. Anadzasintha maganizo atakula. Mu 2008 makaseti atatu aja anatulutsidwa mwalamulo pa chimbale cha Demon Entrails, atakonzedwa mawu kuchokera ku matepi oyambirira. Ain anamwalira mu October 2017, ndipo kenako Fischer anasonkhanitsa gulu lotchedwa Triumph of Death, limene linayamba kuimba nyimbo za Hellhammer pa nsanja mu 2019. Sanafune kulitcha Hellhammer. Apa mpamene nyimbo zopekedwa mu 1983 zinayamba kuimbidwa mokwanira pamaso pa anthu zikwizikwi, patatha zaka zoposa 35.

Ngati mukufuna kuyesanso, achimwene, musayambe ndi Death Fiend, imeneyo ndi yovuta ngakhale kwa ife okonda. Yambani ndi Morbid Tales ya Celtic Frost, khutu lizolowere kulira kwa gitala ya Fischer, kenako mubwerere ku Apocalyptic Raids. Mukafika pa nyimbo yaitali ija ya "Triumph of Death", yoposa mphindi 9, muimvere yonse pa mahedifoni, osati pa sipika ya foni, chifukwa pa foni bezi yonse imasowa.