Mng'ono wanu asavomere mlandu pongofuna kuti nkhani ithe msanga

Mayi, mwalemba kuti mng'ono wanu wa zaka 24, yemwe amapeza ndalama pogonana ndi amuna, anagwidwa pa chipikisheni pa resitihausi ina pamodzi ndi anzake, ndipo amuna amene anapezeka nawo m'zipinda anauzidwa kuti azipita usiku womwewo pamene iye anagona m'chitokosi mpaka kutuluka pa belo. Sabata yamawa akukaonekera kwa majisitireti pa mlandu wodya ndalama za uhule, ndipo wapolisi wina wamulangiza kuti akangovomera, alipire chindapusa, abwerere kwawo. Amalume anu agwirizana ndi wapolisiyo ponena kuti banja lachita kale manyazi okwanira, ndipo tsopano akufuna kuti azakhali akamuone mng'ono wanu wotsiriza, wa zaka 19, ngati adakali namwali asanayambe zokambirana za ukwati wake. Mwafunsa ngati wogwidwayo ali ndi ufulu uliwonse pamaso pa lamulo, komanso ngati pali choona pa zimene iye amanena zoti ntchito yakeyo yamuthandiza kudziimira payekha.

Ndiyamba ndi malangizo a wapolisiyo, chifukwa ndi amene angathe kuwononga zonse m'mphindi zisanu zokha. M'malamulo a milandu a dziko lino, omwe timawatchula kuti Penal Code, mulibe gawo limene limaletsa munthu wamkulu kulandira ndalama chifukwa chogonana ndi munthu wamkulu mnzake mogwirizana. Magawo 145, 146 ndi 147 amakamba za mwamuna kapena mkazi amene amadyera pa uhule, amene amalamulira kayendedwe ka mkazi wogulitsa thupi kuti apezepo phindu, ndiponso amene amasunga nyumba yochitira zimenezi. Kwa zaka zambiri apolisi akhala akutenga gawo 146 n'kulitembenuzira kwa mkazi yemweyo amene gawolo linayenera kumuteteza. Mu February 2016 amayi 19 anagwidwa ku Dedza, anaimbidwa mlandu pa gawo lomweli, anavomera onse ndipo analipitsidwa K7,000 aliyense. Nkhaniyo itafika ku Bwalo Lalikulu ku Zomba, Justice Zione Ntaba anafafaniza zigamulozo m'chaka chomwecho, analamula kuti ndalama zawo zibwezedwe, ndipo anafotokoza kuti gawo 146 cholinga chake ndi kulanga anthu odyera masuku pamutu amayi oterewa. Chigamulo cha Bwalo Lalikulu chimamanga mabwalo onse a majisitireti, choncho zimandikwiyitsa ndithu kuti patatha zaka zonsezi pali apolisi amene akulembabe mlandu umenewu ngati kuti sanamvepo kanthu.

Msampha uli pa mawu amodzi akuti "ndikuvomera". Munthu akavomera mlandu, woimira boma safunikanso kuitana mboni ngakhale imodzi. Amangowerenga mwachidule zimene akuti zinachitika, majisitireti n'kugamula pomwepo. Wapolisi amene anagwira anthu aja safunsidwa kuti anaona chiyani, anamuona mkaziyo akulandira ndalama za yani, kapena chifukwa chake anamasula amuna. Choipa kwambiri n'chakuti gawo 348 la lamulo loyendetsera milandu, Criminal Procedure and Evidence Code, limati munthu amene wavomera mlandu kwa majisitireti sangachite apilo yotsutsa kupezeka kwake wolakwa, angathe kungodandaula za kukula kwa chilango kapena ngati chilangocho n'chosemphana ndi lamulo. Ndiye kuti chindapusa chochepa chija chimabwera ndi mbiri yoti munthuyo anapezekapo wolakwa kukhoti, ndipo mbiriyo ingathe kudzatulukira tsiku limene adzafune kalata ya kupolisi yomuyeretsa pofunsira ntchito kapena popita kunja. Wapolisi amene akumulangizayo sanamuuze zimenezi, ndipo amalume anu mwina sakuzidziwa n'komwe.

Ndakhalapo m'bwalo n'kuona mmene zimachitikira. Amayi khumi kapena kuposerapo amaimikidwa pamzere, atatopa, asanasambe, ena akuganiza za ana amene anawasiya okha kunyumba. Mlandu umawerengedwa m'Chingerezi, womasulira n'kuufupikitsa mpaka kumveka ngati funso loti kodi munapezekadi pa resitihausi paja usiku uja. Woyamba akayankha kuti inde, otsatirawo amangotsanzira. Koma kupezeka pa resitihausi si mlandu, ndipo ngakhale kuvomera kuti umagulitsa thupi sikutanthauza kuti wavomera zimene gawo 146 limaletsa. Gawo 251 la lamulo loyendetsera milandu lija limalamula majisitireti kuti asanalembe kuti munthu wavomera, atsimikize kuti munthuyo wamvetsa mlanduwo, wamvetsa zotsatira za kuvomera kwake, ndiponso kuti akuvomera mfundo zonse popanda kupatula. Majisitireti ambiri amachita zimenezi mosamala, koma tsiku limene milandu yachuluka ena amathamanga, ndipo munthu wopanda loya sazindikira kuti sitepe yadumphidwa. Amayi a ku Dedza aja anapulumuka chifukwa panapezeka maloya amene anapempha Bwalo Lalikulu kuti liunikenso nkhani yawo. Njira imeneyi ilipo, koma imatenga nthawi, ndipo ambiri amene anavomera mwa njira imeneyi safika nako kumeneko.

Choncho mng'ono wanu akafunsidwa, ayankhe momveka kuti akukana mlandu, ndipo asawonjezere nkhani yaitali. Kukana kuli ndi mtengo wake, ndipo ndi bwino audziwiretu. Mlandu udzaimitsidwa kufikira tsiku lina, mwina kangapo, iye adzawononga ndalama zoyendera ndi masiku ake, ndipo anthu ena adzamuona pakhoti. Sindingalonjeze kuti adzapambana, chifukwa sindinaone chikalata cha mlandu wake kapena zimene anasainira kupolisi. Woimira boma angathe kuusiya mlanduwo akaona kuti pali loya, koma angathenso kuusintha n'kuuika pa gawo 180 la Penal Code, limene limakamba za mkazi wogulitsa thupi amene akuchita zosokoneza kapena zolaula pamalo a anthu onse. Pamenepo boma liyenera kubweretsa umboni wa khalidwe losokonezalo ndi la malowo, zomwe zimavuta ngati munthu anamupeza ali m'chipinda chotseka, komabe bwalo ndilo limagamula litamva mboni. Ngati mwa anzake pali amene anavomera kale, asunge resiti ya chindapusa ndipo athamangire kwa loya, chifukwa chidziwitso cha apilo chimayenera kuperekedwa pasanathe masiku 10 kuchokera pa chigamulo, ndipo pempho loti Bwalo Lalikulu liunikenso nkhani limayenda bwino likapita msanga.

Kumasulidwa kwa amuna aja pakokha sikumuchotsera mlandu mng'ono wanu, koma loya wake angathe kukutchula, popeza gawo 20 la malamulo aakulu a dziko limaletsa kusankha anthu potengera kuti ndi amuna kapena akazi. Ngati kupezeka m'chipindamo kunali kulakwa, analakwa awiri. Ngati sikunali kulakwa, panalibe chifukwa chotengera mmodzi kuchitokosi. Mabwalo athu ayankhulapo kale pa kagwiridwe kotere. Mu January 2017 Bwalo Lalikulu linathetsa gawo 184(1)(c) la Penal Code, lija ankagwirira anthu pa mlandu wa vakabu, pa nkhani ya wogulitsa majumbo amene anagwidwa mbandakucha akupita kumsika ku Limbe. Mu 2022, pa nkhani yochokera ku Kasungu, bwalo linanenanso kuti chipikisheni chongosesa aliyense wopezeka pamalo popanda chifukwa chomukayikira munthu payekha n'chosemphana ndi malamulo. Mumufunsenso ngati anamuyeza magazi ali m'manja mwa apolisi. Mu 2009 amayi 11 ku Mwanza anayezedwa kachilombo ka HIV mokakamizidwa, zotsatira zake n'kuwerengedwa pabwalo anthu onse akumva, ndipo mu May 2015 Justice Dorothy Kamanga anagamula kuti zimenezo zinaphwanya ufulu wawo wa chinsinsi ndi ulemu wa umunthu. Kupezeka ndi makondomu m'chikwama nakonso si mlandu.

Funso lanu loti kodi ntchitoyi imamupatsadi mphamvu mkazi, lamulo sililiyankha, ndipo ndingokuuzani zimene ndaona. Ndalama zimene amapeza ndi zenizeni, ndipo ngati zamulipirira nyumba kapena zamutulutsa m'manja mwa mwamuna wankhanza, palibe chifukwa chomutsutsira pa mfundo imeneyo. Koma ine ndimayeza mphamvu ya munthu pa ntchito iliyonse poona ngati angathe kukana. Kodi angathe kumubweza kasitomala amene sakumufuna, kuumirira kondomu popanda kumenyedwa, kupita kupolisi atavulazidwa n'kulandiridwa ngati wodandaula wina aliyense, ndiponso kusiya tsiku limene wafuna? Amayi ena amene ndawaimirapo anali nazo zina mwa zimenezi, koma ambiri analibe, ndipo chimene chinkawalanda mphamvuzo kawirikawiri chinali mantha a chipikisheni ndi kunyozedwa ndi abale awo. Lamulo nalonso limamuteteza mwatheka. Kasitomala akakana kulipira, n'zokayikitsa kuti bwalo lingamuthandize kutolera ngongole yotero, ndipo alibe chitetezo chimene anthu olembedwa ntchito amakhala nacho. Komabe thupi lake ndi lake: mwamuna amene wamugona iye atakana wagwiririra, kaya analipira dzulo kaya ayi, ndipo chilango cha kugwiririra chimafika pa ndende ya moyo wonse. Zikatero apite kuchipatala pasanathe maola 72 kuti akalandire mankhwala oteteza ku HIV komanso kuti umboni ulembedwe. Ngati pali munthu amene amamulanda ndalama zake, amasunga chiphaso chake kapena anamubweretsa pamalopo momunamiza za ntchito ina, imeneyo ndi nkhani yaikulu yokhudza lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu, ndipo wolakwa ndi munthuyo.

Za mng'ono wanu wotsirizayo, amalume anu alibe mphamvu iliyonse m'lamulo yolamula kuti aonedwe. Mtsikanayo ndi munthu wamkulu. Lamulo la maukwati la 2015 limafuna kuti okwatirana akhale atakwanitsa zaka 18 ndipo avomere okha. Unamwali sulitchulidwa ngati chofunika kuti ukwati ukhale wovomerezeka. Kumugwira kumaliseche iye asanalole kungathe kukhala mlandu wochitira mkazi zolaula pa gawo 137 la Penal Code, ngakhale wochitayo akhale azakhali ake, ndipo kuvomera kochita kuopsezedwa kuti athamangitsidwa pakhomo bwalo lingathe kukuona ngati kusavomera. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsanso miyambo yonyazitsa kapena kuvulaza munthu chifukwa choti ndi mkazi, ndipo chilango chake chimafika zaka zisanu kundende. Kuyezako n'kopandanso maziko: mu October 2018 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, pamodzi ndi nthambi zina za United Nations, linalengeza kuti palibe kuyeza kulikonse kumene kungasonyeze ngati mkazi anagonanapo ndi mwamuna. Ndiye kuti mtsikana angathe kunyozedwa moyo wake wonse chifukwa cha maganizo chabe a munthu amene wamuyang'ana. Chimene chimanditopetsa pa nkhani zotere n'chakuti m'kalata yanu yonse palibe pamene amalume afunsapo za mbiri ya mnyamata wofuna kukwatirayo, monganso palibe amene anafunsa maina a amuna a ku resitihausi aja. Amalume ali ndi ulemu wawo pa zokambirana za ukwati, ndipo muwauze zimenezi mofatsa pali ankhoswe kapena wamkulu wina amene amamumvera, koma akaumirira, mtsikanayo apite ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit pa polisi iliyonse.

Masiku atsalawa muwagwiritse ntchito motere. Mawa lomwe mng'ono wanu wogwidwayo apite ku ofesi ya Legal Aid Bureau, yomwe imapereka maloya a boma kwa anthu osakwanitsa kulipira, ndipo ngati kumeneko achedwa ayesenso mabungwe omenyera ufulu wa anthu monga CHREAA, omwe akhala akutsatira milandu ya mtundu umenewu. Atenge chikalata chake cha belo ndipo apemphe kuona chikalata cha mlandu kuti adziwe gawo lenileni limene amulembera. Alembe lero, asanaiwale, nthawi imene anagwidwa ndi imene anatulutsidwa, popeza gawo 42 la malamulo aakulu limati wogwidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, kupatula ngati maolawo athera pa tsiku limene khoti silikhala. Alembenso maina kapena manambala a apolisi, katundu ndi ndalama zimene anamulanda, ndi anthu amene anaona amuna aja akumasulidwa. Belo ya kupolisi ndi yaulere, choncho ngati wina analandira ndalama, kapena anapempha kugona naye kuti amutulutse, dandaulo likaperekedwe ku Independent Complaints Commission, bungwe lomva madandaulo okhudza apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission, makamaka atakambirana ndi loya wake za nthawi yabwino yochitira zimenezi. Asasainirenso pepala lililonse limene sanawerenge, ndipo asajombe tsiku la khoti ngakhale wina amuuze kuti nkhani yatha, chifukwa kujomba kumabweretsa chikalata chomugwiranso ndipo belo ingathe kuthetsedwa.

Tsikulo mupite naye inuyo, mufike m'mawa, mukhale m'bwalo momwemo pamene angakuoneni. Ngati loya sanafike, iye auze majisitireti kuti akukana mlandu ndipo akupempha tsiku lina kuti apeze womuimira, ndipo ngati pali mawu amene sanawamve apemphe kuti mlandu wonse awuwerengenso m'Chichewa asanayankhe.