Galu wa wofufuza azigwira ntchito ya galu

Achemwali, funso lanu lamveka. Mukulemba nkhani ya mtundu wa cozy mystery (nkhani yofufuza mlandu wakupha yosaonetsa magazi), momwe mayi wa m'mudzi yemwe si wapolisi akufufuza imfa yodabwitsa ali ndi galu wake. Amene mwawapatsa kuti awerenge akuti galuyo akungoyendamo ngati chokongoletsa, ndipo mutayesa kumupatsa ntchito akuti tsopano wachenjera kuposa mbuye wake. Madandaulo awiriwa gwero lake ndi limodzi. Galuyo mukumukumbukira polemba ziganizo, koma pokonza mlanduwo munalibe naye.

Musanalembe chaputala choyamba, tengani pepala lalikulu mulembe zimene zinachitikadi: wapha ndani, chifukwa chiyani, anapha bwanji, nthawi yanji. Kenako jambulani mizere, munthu aliyense woganiziridwa akhale ndi mzere wake, ndipo mulembe ola ndi ola kumene anali kuyambira madzulo a tsiku la imfa mpaka pamene mtembo unapezeka. Mzere wotsiriza ukhale wa galu. Anali kuti pa ola lililonse? Anamva phokoso lanji, ananunkhiza chiyani, ndani anamupatsa chakudya, ndani anamutsekera m'nyumba? Mzere umenewu ukakhala wopanda kanthu, ngakhale mutamutchula galuyo pa tsamba lililonse adzakhalabe mlendo m'nkhani yanu.

Kuti mudzaze mzerewo, dziwani zimene galu weniweni amatha. Mphuno ya munthu ili ndi timaselo tomva fungo pafupifupi 6 miliyoni, pomwe ya galu ili ndi toposa 100 miliyoni, ndipo agalu osaka monga bloodhound amafika cha m'ma 300 miliyoni. Khutu la munthu limalekeza cha pa 20,000 Hz (muyeso wa kukwera kwa liwu), la galu limapitirira 40,000 Hz, choncho amamva geti ikulira kapena galimoto yozolowera ikubwera anthu a m'nyumba asanamve kanthu. Koma maso ake pa mitundu ndi osadalirika: amasiyanitsa bwino buluu ndi chikasu, pomwe chofiira ndi chobiriwira kwa iye n'zofanana ndithu. Ngati chizindikiro chanu ndi chakuti galu anazindikira mpango wofiira chifukwa cha kufiira kwake, wowerenga amene amaweta agalu adzaliika pansi bukulo. Mpangowo auzindikire ndi fungo.

Zolakwika zina zimabwera pafupipafupi. Galu wapakhomo sangapatsidwe nsapato ya munthu wachilendo n'kulondola mapazi ake mudzi wonse chifukwa choti wauzidwa "saka". Agalu a apolisi amaphunzitsidwa miyezi yambiri kuti achite zimenezo. Galu wapakhomo amalondola chimene iye mwini akuchifuna: chakudya, nyama ina, galu wamkazi, kapena munthu amene amamukonda. Komanso si zoona kuti galu amakana chakudya chokhala ndi poizoni. Agalu ambiri amameza kaye, n'chifukwa chake madokotala a ziweto amalandira agalu ochuluka amene adya mankhwala a makoswe. Ndipo cholakwika chachikulu kuposa zonse ndi galu amene amalusira wakuphayo kuyambira tsiku loyamba chifukwa "amamva mtima woipa". Ronald Knox, wansembe wa ku England amene analemba malamulo khumi a nkhani zofufuza m'chaka cha 1929, analetsa zamizimu, analetsa kuti wofufuza athandizidwe ndi mwayi chabe kapena ndi maganizo osadziwika kumene achokera, ndipo analamula kuti chizindikiro chilichonse chimene wofufuza wachipeza chionetsedwe kwa wowerenga. Galu wozindikira mitima akuphwanya lamulo loyamba ndi lachiwiri mwa atatuwa nthawi imodzi. Malamulo ena a Knox anatha ntchito kalekale, koma atatuwa owerenga amawagwiritsabe.

Ubwino wa galu m'nkhani yotere ndi woti ndi mboni yosanama koma yosalankhula. Anthu onse a m'mudzimo akhoza kupotoza mawu, iye amangochita chimene anazolowera. Paja akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Ntchito ya mayiyo ndi kudziwa chifukwa chimene wakandira, ndipo ntchito imeneyo musam'lande. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha Arthur Conan Doyle m'nkhani ya Silver Blaze ya 1892, momwe galu wa m'khola la akavalo sanauwe usiku umene kavalo anabedwa, kusonyeza kuti wolowayo anali munthu womudziwa. Galu sanachite chilichonse chanzeru pamenepo, nzeru zinali za wofufuza. Koma musachikopere, chifukwa aliyense wokonda mabuku awa amachidziwa, ndipo galu wanu akangokhala chete usiku adzaloza wapakhomo nthawi yomweyo.

Njira imene imagwira ntchito ndi kuonetsa khalidwe limodzi la galu katatu. Koyamba lionekere ngati nthabwala, mlandu usanayambe kapena utangoyamba kumene. Kachiwiri lionekere pamaso pa woganiziridwa, koma pakati pa zinthu zina zokopa maso. Kachitatu mayiyo alimasulire. Tiyerekeze kuti womwalirayo ndi msungichuma wa komiti ya m'mudzi, ndipo anali yekhayo amene amathira feteleza wopangidwa ndi nsomba m'dimba lake la maluwa. M'chaputala 2 galu wanu wazemba, wakagubuduka m'dimbamo, wabwera akununkha, mayi akum'sambitsa uku akudandaula. Wowerenga akuseka, sakudziwa kuti mwam'patsa kiyi. M'chaputala 7, pa mwambo wa maliro, galuyo akukakamira kununkhiza nsapato za mphunzitsi wopuma pantchito, amene anauza apolisi kuti padutsa chaka asanaponde pakhomo pa malemuyo. Pa nthawi yomweyo mkazi wamasiye akukangana ndi mlamu wake mokweza mawu, ndiye maso a wowerenga ali kumeneko. M'chaputala 18 mayi akutsuka chingwe cha galu, fungo lija lam'fika, ndipo akukumbukira nsapato.

Chinthu chimodzi chimawonjezera kukoma: mayiyo ayambe wamasulira molakwika. Aganize kuti galu ankanunkhiza nsapatozo chifukwa mphunzitsi amaweta mphaka. Tanthauzo lolakwikalo likhale lomveka ndithu, loti wowerenga alivomereze n'kuiwala. Dziwaninso kuti fungo pa nsapato si umboni umene khoti lingaulandire. Likungomuuza mayiyo kuti mphunzitsi ananama. Kuchoka apo ayenera kupeza chinthu chogwirika, kaya ndi risiti, tsamba long'ambidwa m'buku la ndalama za komiti, kapena munthu amene anamuona. Zizindikiro zoona zoloza wakupha zikhale zitatu kapena kuposerapo, ndipo chochokera kwa galu chikhale chimodzi, zikachuluka ziwiri.

Sankhani mtundu wa galu potengera chizindikiro chimene mukufuna, osati kukongola kwa chithunzi cha pachikuto. Terrier amakumba ndi kulowa m'mauna, choncho ndi woyenera ngati pali chinthu chokwiriridwa. Beagle amatsata mphuno yake osamva kuitana, ndiye akhoza kumukokera mayi kumalo kumene sakanapita. Labrador amakonda kunyamula zinthu pakamwa n'kubwera nazo kunyumba, golovesi imodzi kapena chipewa cha mwini wake wosadziwika. Border collie amazindikira msanga dongosolo la tsiku likasintha. Galu wokalamba wogontha sangamve phokoso la usiku n'kuuwa, ndipo kamwana ka galu kamatafuna chilichonse, ngakhale kalata yofunika. Mukasankha, musasinthe. Galu amene amaopa madzi pa tsamba 30 asadumphire mumtsinje pa tsamba 200 popanda chifukwa chimene tachiona chikukula.

Ntchito ina ya galu, imene olemba atsopano amaipeputsa, ndi kupereka chifukwa choyendera. Mayi wongozungulira mudzi 6 koloko m'mawa akusuzumira m'mipanda amakayikitsa, koma akagwira chingwe cha galu palibe amene amafunsa. Galu amayendetsedwa kawiri pa tsiku, njira zomwezomwezo, ndiye mbuye wake amadziwa nyumba imene makatani ake amatsegulidwa mochedwa, galimoto imene yagona pamalo achilendo, nyale imene yayaka usiku wonse. Anthu ouma pakamwa amaweramira galu n'kuyamba kulankhula. Koma galu kuthawira m'bwalo la woganiziridwa kuti mayi apeze polowera, chitani kamodzi m'buku lonse. Kachiwiri wowerenga amaona dzanja la wolemba likukoka chingwe. Muzidziwanso kumene galu ali pamene sali ndi mayiyo. Ngati walowa m'chipatala kapena wapita kutauni tsiku lonse, chiganizo chimodzi chonena amene wam'sungira chikwanira, koma chisasowe.

Za kukula kwa nkhani: buku la mtundu uwu nthawi zambiri limakhala ndi mawu pakati pa 60,000 ndi 80,000. Mtembo upezeke m'machaputala atatu oyamba. Oganiziridwa akhale 4 mpaka 6, aliyense ndi chifukwa chodera malemuyo, mpata wochitira, ndi chinsinsi chake chosakhudzana ndi kuphako, monga ngongole kapena chibwenzi chobisa, chimene chikum'namitsa. Wakupha aonekere m'gawo loyamba la magawo anayi a buku, alankhule ndi mayiyo kangapo, ngakhale kumusisita galu. Pakati pa buku pachitike chinthu chogwetsa maganizo oyamba a mayi, mwina amene amam'kayikira kwambiri apezeke ndi umboni woti anali kwina. Ngati mukulemba nkhani yaifupi ya mawu 5,000, oganiziridwa atatu akwana. Dokotala wa m'nkhani asanene kuti munthu anamwalira 9:15 ndendende. Thupi limayamba kuuma patadutsa maola 2 mpaka 6, limaumiratu cha pa maola 12, ndipo kutentha kapena kuzizira kwa malo kumasintha zonsezi, choncho dokotala woona amapereka mpata wa maola angapo. Mpata umenewo ndi umene oganiziridwa anu amanamiramo.

Mayiyo akhale ndi chifukwa chenicheni cholowerera: mnzake wamangidwa, kapena iye mwini akukayikiridwa chifukwa galu wake ndi amene anapeza mtembo. Apolisi musawasandutse zitsiru. Iwo ali ndi zida ndi malamulo, iye ali ndi zaka zambiri zodziwa amene sayankhulana ndi ndani. Umu ndi momwe Agatha Christie anamangira Miss Marple, gogo wofufuza milandu wa m'mudzi wa St Mary Mead, amene buku lake loyamba linatuluka mu 1930: amazindikira wolakwa pomufanizira ndi anthu amene anawaona m'mudzi mwake. Ngati nkhani yanu ikuchitikira ku England, kumbukirani kuti imfa yokayikitsa imapita kwa mkulu wa boma wotchedwa coroner, amene amatsegula kafukufuku wake. Ngati ndi dziko lina, fufuzani dongosolo la kumeneko musanalembe. Jambulaninso mapu a mudziwo ndipo mulembe mphindi zoyenda kuchoka nyumba ina kufika ina, chifukwa bodza la nthawi limagwidwa ndi mtunda. Mukafuna mabuku otsatizana, samalani kuti mudzi usathe anthu, zimene owonera ankaseka nazo mudzi wa Cabot Cove wa mu Murder, She Wrote, pulogalamu ya pa TV imene inayenda kuyambira 1984 mpaka 1996. Bweretsani alendo, mipikisano ya ziweto, obwerera kwawo patapita zaka, ndipo nthawi zina mlandu ukhale wakale umene wangofukuka.

Pali olemba amene amalola ziweto kulankhulana zokhazokha anthu osamva, monga Rita Mae Brown amene anayamba mu 1990 ndi mphaka ndi galu wa mtundu wa corgi. Njirayi ili ndi owerenga ake, koma ine sindikulangizani kuti muyambire pamenepo. Galu akangotha kutiuza maganizo ake, muyenera kufotokoza chifukwa chimene sakutiuzira amene anamuona usiku uja, ndipo mudzapezeka mukum'tsekera m'nyumba nthawi iliyonse yofunika. Mukaisankhabe, ionekere pa tsamba loyamba.

Owerenga cozy mystery amabwera ndi pangano losalembedwa: magazi saonetsedwa, zachipongwe ndi zogonana palibe, mwana savulazidwa, ndipo galu safa. Lotsirizali musaliyese n'komwe. Akhoza kusowa usiku umodzi, akhoza kutsekeredwa m'shedi, koma abwerere wamoyo. Pa chifukwa chomwecho mayi wanu asam'patse chokoleti, mphesa zouma kapena zaziwisi, anyezi, kapena chingamu chokhala ndi chotsekemeretsa chotchedwa xylitol, pakuti zonsezi zimadwalitsa agalu mpaka kupha, ndipo owerenga amene amaweta agalu sadzakukhululukirani. Pachimake pa nkhani galu akhoza kuuwa mpaka anthu atabwera, kapena kum'pinga wakuphayo ndi chingwe, koma mayiyo akhale atadziwa kale yankho ndi mutu wake ngozi isanam'fikire.

Mukamaliza kulemba koyamba, yesani zinthu ziwiri. Chotsani galu m'maganizo mwanu muone ngati mlandu ukuthekabe chimodzimodzi. Ngati ukutheka, bwererani ku pepala la mizere lija. Kenako chotsani mayiyo muone ngati wapolisi aliyense wotsatira galu akanafika pa yankho, ndipo ngati akanafika, onjezani sitepe imodzi yofuna kudziwa anthu a m'mudzimo pakati pa fungo ndi dzina la wakupha. Mukatero perekani bukulo kwa anthu atatu kapena anayi amene sanamvepo nkhaniyo. Apempheni aime pa theka, alembe amene akum'kayikira ndi chifukwa chake, aimenso chaputala choulula chisanafike alembenso. Onse akalondola pa theka, sunthani kuonekera kwachiwiri kwa khalidwe la galu kukhale pamalo a phokoso lochuluka. Akalephera onse ndipo akadandaula kuti yankho langogwa kumwamba, talikitsani kuonekera koyamba ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu kuti fungo lija likhazikike m'mutu mwawo.