Kodi CCAP ikadali ndi mphamvu m'Malawi?

Mwafunsa ngati mpingo wa CCAP ukadali ndi mphamvu zomwe unali nazo kale. Ine ndikuona kuti mphamvuzo sizinathe, koma zinagawika. Mishoni za Livingstonia ndi Blantyre, zomwe zinayamba mu 1875 ndi 1876, ndizo zinaphunzitsa ambiri mwa aphunzitsi ndi atsogoleri oyambirira a ndale, ndipo Kamuzu Banda ankanyadira kuti ndi mkulu wa mpingo. Koma mu 1992 amene anayamba kudzudzula boma poyera anali mabishopu a Katolika, ndipo mu 1994 dziko linasankha Msilamu, Bakili Muluzi. Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi achinyamata athu, amene m'mawa amaimba kwaya kutchalitchi kwathu, madzulo n'kukapemphera ku mipingo ya Chipentekoste, komwe amati amapeza mapemphero a machiritso.