Ampu ikulira limodzi ndi injini, kodi ndigule filter?

Wina wandilembera kuti anaika ampu (chokuzira mawu a nyimbo) ndi sabuufa (sipika ya bass) mu Sienta yake, koma akangoliza injini masipika amayamba "wiiii", ndipo akaponda mafuta kulirako kumakwera. Akufunsa ngati agule noise filter, kabokosi kochepetsa phokoso.

Achimwene, funso lanuli landipsetsa mtima, osati ndi inuyo ayi, koma ndi anyamata ena oika zoimbira m'galimoto. Ampu yanga yakale anaiika mnyamata wina wodzitama kwambiri. Waya wonenepa wochokera ku batire anaumanga pamodzi ndi ma RCA (mawaya otenga nyimbo ku wailesi kupita ku ampu) ndi tepi, n'kuzidutsa pansi pa kapeti mbali imodzi. Waya wa earth, wobweza magetsi kudzera pachitsulo cha galimoto, anangoupanikiza pa bauti ya mpando, penti ili pomwepo. Nditabwerera kukadandaula anati, "Bwana, ma ampu onse amatero," kenaka n'kutulutsa kabokosi ka filter koti ndigule. Nditayang'ana bwino, fuzi panalibe n'komwe! Fuzi iyenera kukhala pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45. Popanda iyo, waya ukasupuka n'kukhudza chitsulo galimoto imapsa. Munthu wotero asamagwire galimoto ya mnzake, basi.  

Kulira mukumvako n'kwa alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira. Imapanga magetsi a AC (osinthasintha mbali), ma diode a mkati mwake n'kuwasandutsa DC (oyenda mbali imodzi, ngati a batire), koma timafunde tina timatsalira, ndipo timachuluka injini ikamathamanga. Earth ya wailesi ndi ya ampu zikasiyana mphamvu, magetsi amadzipezera njira kudzera m'ma RCA, ampu n'kukuza phokosolo limodzi ndi nyimbo. Filter imangobisa matenda, ndipo zambiri zotchipa zimadyako bass imene munalipira ndalama zanu. Ine sindiifuna.

Chochita

Zulani ma RCA ku ampu, injini ikulira. Phokoso likapitirira, vuto ndi ampu kapena earth yake: palani penti ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, waya ukhale waufupi komanso wonenepa ngati wa ku batire, mumange zolimba. Likasiya, ndiye likuchokera kutsogolo, ku wailesi kapena m'ma RCA. Dutsani ma RCA mbali ina ya galimoto, kutali ndi waya wa magetsi, ndipo earth ya wailesi muimangenso pachitsulo choyera. Tsitsaninso gain, kopotokola kapa ampu, ambiri amaitsegula mpaka kumapeto poganiza kuti ndi voliyumu.

Zikakanika zonsezi pitani kwa wa magetsi a galimoto akayeze alternator. Injini ikuyenda, pa batire pazioneka ma volts pakati pa 13.8 ndi 14.4, ndipo ayezenso ma diode, chifukwa imodzi ikafa phokoso limakula. Ngati m'malo mwa "wiiii" mukumva "tetete", yang'anani mapulagi ndi ma coil.