Kodi mtsogoleri wouma mtima ndi wodwala?

Mayi ena amene amawerenga zolemba zanga anditumizira funso pa imelo, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiwayankhe pano. Mwachidule, mayiwa akuti atopa kuona atsogoleri andale akunama dzuwa likuswa mtengo, akupanga ziganizo zophetsa anthu, kenako n'kuima pamaso pa atolankhani nkhope ili gwa, popanda ngakhale liwu limodzi lopepesa. Akuti anawerenga za vuto la maganizo lotchedwa antisocial personality disorder, ndipo akufunsa ngati atsogoleri oterewa ali nalo, komanso chifukwa chimene madokotala sanenera poyera kuti anthu adziwe asanaponye voti.

Mayi, mkwiyo wanu ndikuumvetsa ndipo sindikufuna kuupeputsa. Komabe yankho langa ndi lakuti atsogoleri ambiri ouma mtima sakwanira pa muyezo wa vutoli, ndipo ngakhale kwa amene angakwanire, kuwapatsa dzina la matenda sikungatiteteze monga mukuyembekezera.

Buku la DSM-5, lotsogolera madokotala pozindikira matenda a maganizo, limene bungwe la madokotalawa ku America, la American Psychiatric Association, linatulutsa mu 2013, limati munthu amapezeka ndi vutoli ngati wakhala akupondereza ufulu wa ena kuyambira ali ndi zaka 15, ndipo ali ndi zizindikiro zosachepera zitatu mwa zisanu ndi ziwiri: kuswa malamulo mobwerezabwereza, chinyengo, kuchita zinthu mopupuluma, ndewu, kusasamala za chitetezo chake kapena cha ena, kulephera kusunga ntchito kapena kubweza ngongole, ndi kusamva chisoni akalakwira munthu. Ayeneranso kukhala wokwanitsa zaka 18, ndipo pafunika umboni woti khalidwe losokonekerali linayamba ali mwana. Mukaona bwino zizindikirozi muona kuti zambiri zimagwetsa munthu m'malo momukweza. Kuti munthu afike pampando wapamwamba amayenera kudikira kwa zaka zambiri, kupirira kunyozedwa, kusunga mapangano ndi anzake a m'chipani ndi kukonza za mawa, zomwe munthu wopupuluma ndi wandewu sazikwanitsa kawirikawiri. N'chifukwa chake vutoli limapezeka kwambiri kundende. Mu 2002, Seena Fazel ndi John Danesh anasanthula kafukufuku wokhudza akaidi pafupifupi 23,000 m'mayiko 12, ndipo anapeza kuti akaidi aamuna 47 mwa 100 aliwonse anali nalo.

Chimene inu mukufotokoza chikufanana kwambiri ndi khalidwe lina loyandikana nalo, lotchedwa psychopathy. Dokotala wa ku America, Hervey Cleckley, analemba mu 1941 za anthu olankhula mokoma, ooneka anzeru ndi odekha, koma opanda chikumbumtima. Pambuyo pake Robert Hare wa ku Canada anakonza muyezo wa mfundo 20 woyezera khalidweli. Chofunika kudziwa apa n'chakuti kuzindikira zimene mnzako akumva ndi chinthu china, ndipo kukhudzidwa nazo mumtima ndi chinthu chinanso. Munthu wotere amadziwa bwino lomwe chimene chikukuopsani ndi chimene mukulakalaka, n'chifukwa chake amatha kukopa gulu, koma ululu wanu sumufika pamtima. Mu 2012, Scott Lilienfeld ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa mapulezidenti 42 a dziko la America, pogwiritsa ntchito maganizo a akatswiri a mbiri ya moyo wa aliyense. Anapeza kuti amene anali opanda mantha ndi olamulira ena mosavuta, monga Theodore Roosevelt, ankayamikiridwa pa utsogoleri, pamene kupupuluma ndi kusalabadira malamulo sikunkathandiza konse. Kafukufukuyu sananene kuti pulezidenti aliyense anali wodwala. Anangosonyeza kuti mbali ina ya khalidweli imapindulitsa pandale.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya ku Nuremberg, mzinda wa ku Germany. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, akuluakulu a boma la Nazi anatsekeredwa podikira mlandu, ndipo asilikali a America anatuma dokotala wa matenda a maganizo Douglas Kelley ndi katswiri wa za maganizo Gustave Gilbert kuti aziwayeza. Awiriwa ankalowa m'zipinda za akaidiwo, kukhala nawo pansi, kucheza nawo kwa maola ambiri, ndi kuwaonetsa makadi a madontho a inki kuti anene zimene akuona. Hermann Göring, amene anali wachiwiri kwa Hitler, ankamulandira Kelley mwansangala, ankaseka, ndipo ankalankhula mwachikondi za mkazi wake ndi mwana wake wamkazi, koma za anthu amene anaphedwa muulamuliro wawo sankaonetsa kusweka mtima. Gilbert ankakhulupirira kuti umunthu wa anthuwa unali wopunduka. Kelley anafika pa mfundo yoopsa kuposa imeneyo, yakuti sanali amisala, ndipo anthu onga iwo angapezeke m'dziko lililonse. Taonani, Mayi, akatswiri awiri amene anali ndi akaidi omwewo pafupi, kwa miyezi, anasiyana maganizo. Nanga ife amene timangoona mtsogoleri pa wailesi yakanema kwa mphindi zochepa tingadziwe bwanji za mumtima mwake?

Palinso mfundo yakuti mpando weniweniwo umasintha munthu. David Owen, dokotala amene anakhalapo nduna yoona za maubale ndi mayiko ena ku Britain, analemba pamodzi ndi Jonathan Davidson mu 2009 za kudzikuza kumene kumayamba munthu atakhalitsa pa ulamuliro: amayamba kudziona ngati iye ndi dziko n'chimodzi, amanyoza malangizo, ndipo amakhulupirira kuti mbiri yokha kapena Mulungu ndi amene angamuweruze. Ine mfundo imeneyi ndimaiona kuti ikufotokoza atsogoleri ambiri kuposa matenda oyambira ku ubwana. Munthu wozunguliridwa ndi alonda ndi anthu ongovomera chilichonse amamva za imfa ngati manambala a mu lipoti, ndipo sakumananso ndi mayi wolira mwana wake.

Tsopano za kukhala chete kwa madokotala. Mu 1964 magazini ya Fact inatumiza funso kwa madokotala a matenda a maganizo oposa 12,000 ku America, lakuti kodi Barry Goldwater, amene ankapikisana nawo pa upulezidenti, anali woyenera m'maganizo. Madokotala 1,189 anayankha kuti sanali woyenera, ngakhale kuti sanamuyezepo. Goldwater anasumira magaziniyo ndipo khoti linalamula kuti apatsidwe madola 75,000. Mu 1973 bungwe la madokotalawo linakhazikitsa lamulo lakuti si koyenera kunena za matenda a munthu wodziwika popanda kumuyeza ndi kulandira chilolezo chake. Ena amati lamuloli limatseka pakamwa akatswiri panthawi imene dziko likuwafuna, ndipo dandaulo lawo si lopanda pake. Koma tizikumbukira zimene zinachitika ku Soviet Union, kumene otsutsa boma monga Pyotr Grigorenko ankatsekeredwa m'zipatala za anthu odwala misala, mpaka bungwe la madokotala a kumeneko linachoka mu World Psychiatric Association, bungwe la padziko lonse la madokotala a matenda a maganizo, mu 1983 poopa kuchotsedwa. Dzina la matenda likasanduka chida cha ndale, amene ali ndi mphamvu ndi amene amachigwiritsa ntchito kwambiri. Ndimaderanso nkhawa anthu ochuluka odwala matenda a maganizo amene sanapwetekepo aliyense, koma amasalidwa nthawi zonse tikamatcha nkhanza kuti ndi misala.

Ngakhale titati aliyense wofuna mpando aziyezedwa, funso la amene angasankhe madokotalawo likanativuta, ndipo munthu wodziwa kunyenga ndi amene angapambane mosavuta pokambirana ndi dokotala. N'chifukwa chake muyezo wa Hare sudalira zonena za munthu zokha, umafunanso mbiri yolembedwa ya zochita zake. Mbiri yotereyi, pa nkhani ya wandale, ovota ali nayo kale. Mungathe kuona zimene anachita atagwidwa bodza, mmene anachitira ndi nduna imene inamutsutsa, ngati anamvera khoti litagamula zokomera ena, ngati anapita kukaona anthu ogwa m'mavuto atolankhani kulibe, ndiponso ngati akufuna kusintha malamulo kuti apitirire nyengo yake. Zimenezi mungazinene mokweza, ndi umboni m'manja, ndipo palibe amene angakufunseni kuti munaphunzira kuti udokotala.